Galimoto Imodzi, Eni Ake Ambiri: Mbiri ya Ferrari 250 GTO Nambala 3413

Mawu oyamba

Pamene aphunzitsi athu adatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe chinthu chimodzi ndi kulondola mbiri yake kuchokera pomwe chidapangidwa kufikira lero, anzanga ambiri adasankha zinthu zapafupi. Wina adasankha ng'oma ya kwawo, wina njinga ya agogo ake, winanso belu la pa mishoni. Ine ndidasankha galimoto yomwe sindidaiwonepo ndi maso, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzaikhudzako m'moyo uno. Galimotoyi ndi ya mtundu wa Ferrari 250 GTO, ndipo nambala yake ya chasisi ndi 3413 GT. Pa 25 Ogasiti 2018 idagulitsidwa pa okushoni ku Monterey, m'chigawo cha California ku America, pa mtengo wa madola 48,405,000.

Chidandikokera ku nkhaniyi ndi tsoka lomwe lidagwera amalume anga. Iwo adagula pikiapu kwa munthu wina yemwe adali wofulumira kulandira ndalama. Galimotoyo inkawoneka bwino, penti ikunyezimira, injini ikulira mosakhosomola. Patapita miyezi itatu, pofuna kusintha dzina m'bulubuku, zidapezeka kuti nambala ya pa chasisi siinkagwirizana ndi yolembedwa m'mapepala, ndipo manambala awiri adali ochita kudindidwanso. Wogulitsa uja adali atalowera kosadziwika. Pikiapuyo idathera pansi pa mtengo wa mango, ikuchita dzimbiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Amalume adataya ndalama zomwe adasunga kwa zaka zambiri chifukwa cha manambala awiri basi. Choncho nditamva kuti kunja kuno kuli galimoto yomwe mtengo wake wagona pa manambala anayi komanso mayina a anthu omwe adakhalapo nayo, ndidafuna kumvetsa momwe zimenezi zimakhalira.

M'nkhani ino ndifotokoza momwe mtundu wa galimotowu udayambira, kenaka ndilondola nambala 3413 kuchokera kwa mwini wake woyamba mpaka tsiku la okushoni lija. Ndikambanso funso lomwe lidandivuta kwambiri pofufuza, loti kodi galimoto yomwe idasinthidwa thupi lonse tinganene kuti ikadali yomweyo?

Galimoto yobadwa pakati pa mkangano

Kampani ya Ferrari ili m'tauni yaing'ono ya Maranello, pafupi ndi mzinda wa Modena kumpoto kwa Italy. Mwini wake, Enzo Ferrari, mtima wake udali pa mipikisano ya liwiro. Galimoto zoyenda pamsewu ankazigulitsa kwa anthu olemera makamaka pofuna kupeza ndalama zoyendetsera mipikisanoyo. Pofika m'chaka cha 1961, galimoto yake ya 250 GT SWB, yomwe idapambana mipikisano yambiri, idayamba kuwonetsa malire ake. Mphuno yake idali yobuntha, moti ikafika pa liwiro lalikulu mphepo inkaikankha ndi kuinyamula kutsogolo. Chaka chomwecho kampani ya Jaguar ya ku Britain idatulutsa E-Type, ndipo Aston Martin nayonso siinkagona. Ferrari adalamula injiniya wake, Giotto Bizzarrini, kuti akonze galimoto yatsopano.

Bizzarrini adatsitsa injini ndi kuikankhira m'mbuyo pang'ono kuti mphuno ikhale yaitali ndi yotsika. Galimoto yoyeserera yomwe adapanga idali yonyansa maonekedwe, moti antchito anzake adaitcha Il Mostro, kutanthauza chilombo. Koma ntchito isanathe, kumapeto kwa 1961, kudabuka mkangano waukulu pakati pa Enzo Ferrari ndi akuluakulu a kampaniyo. Gwero lake lidali kudandaula kwawo kuti mkazi wa Ferrari, Laura, ankalowerera pa zochitika za pafakitale. Ferrari adali munthu wosafuna kuuzidwa zochita. Adachotsa ntchito odandaulawo, ndipo Bizzarrini pamodzi ndi injiniya wamkulu, Carlo Chiti, adali m'gulu la ochokawo. Ntchito yomaliza galimotoyo idagwera Mauro Forghieri, mnyamata wa zaka 26 zokha, mothandizana ndi Sergio Scaglietti, mmisiri wa ku Modena yemwe anyamata ake ankasula matupi a galimoto ndi nyundo kuchokera ku malata a aluminiyamu. Chifukwa chakuti ntchitoyi idali ya manja, palibe GTO ziwiri zofanana ndendende.

Galimotoyi idawonetsedwa kwa atolankhani mu Febuluwale 1962. Mwezi wotsatira idathamanga koyamba pa mpikisano wa maola 12 ku Sebring, ku America, ikuyendetsedwa ndi Phil Hill ndi Olivier Gendebien, ndipo idakhala yachiwiri pa galimoto zonse. Mtundu umenewu udapezetsa Ferrari chikho cha dziko lonse cha opanga galimoto za GT kwa zaka zitatu zotsatizana: 1962, 1963 ndi 1964.

Za dzina ndi nambala

Popeza ndine wophunzira za ziyankhulo, ndiloleni ndiime pang'ono pa dzinali. Nambala ya 250 ikuimira kukula kwa silinda imodzi ya injini, komwe ndi ma cc 250. Injiniyo ili ndi masilinda 12, ndiye onse pamodzi akupanga pafupifupi malita atatu. Imamwa mafuta kudzera m'makabuleta asanu ndi limodzi a mtundu wa Weber, ndipo mphamvu yake ndi ya akavalo pafupifupi 300. Galimoto yonse siifika tani imodzi kulemera kwake, choncho inkatha kuthamanga makilomita pafupifupi 280 pa ola. M'kati mwake mudalibe kapeti, mudalibenso ngakhale geji yowonetsa liwiro.

Zilembo za GTO zikuimira mawu a Chitaliyana akuti Gran Turismo Omologato. Mawu awiri oyambawo amanena za galimoto yamphamvu yoyendera maulendo ataliatali, pamene lachitatulo likutanthauza kuti yavomerezedwa. Apa mpomwe pali nkhani. Bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto pa dziko lonse, la FIA, lidali ndi lamulo loti galimoto iliyonse yolowa m'gulu la GT ikhale itapangidwa yosachepera 100. Ferrari adapanga 250 GTO zokwana 36 zokha. Iye adauza bungwelo kuti imeneyi siidali galimoto yatsopano koma 250 GT SWB yomwe yangovala thupi lina, ndipo malamulo ankalola kusintha thupi. Bungwelo lidavomera. Motero liwu loti "yovomerezedwa" lomwe lili m'dzina la galimotoyi ndi chikumbutso cha kuchenjera kwa mwini fakitale. Kuchepa kwake kuja, komwe kukadailepheretsa kupikisana, ndi komwenso kudadzaikweza mtengo patapita zaka.

Nambala ya chasisi nayo ili ndi tanthauzo. M'zaka zimenezo Ferrari ankapereka manambala osagawika ndi 2 kwa galimoto za pamsewu, ndipo ogawika ndi 2 ankapita kwa galimoto za mpikisano wokhawokha. Ma GTO adalandira manambala a galimoto za pamsewu, mosakanikirana ndi mitundu ina yomwe inkatuluka m'fakitale nthawi yomweyo. Nchifukwa chake GTO yoyamba ndi 3223, yachiwiri ndi 3387, ndipo yachitatu ndi yathuyi, 3413. Anthu okonda galimotozi satchula mtundu wa penti kapena nambala ya pamsewu pofuna kuzisiyanitsa. Amangotchula manambala anayiwa, ngati momwe ife timatchulira mfunda wa munthu tikafuna kudziwa kuti ndi wa kwa yani.

Eni ake a ku Italy

Isanagulitsidwe, 3413 idayamba yagwira ntchito ya fakitale. Phil Hill, M'merika yemwe adali katswiri wa dziko lonse wa Formula One mu 1961, adaigwiritsa ntchito poyeserera njira ya mpikisano wa Targa Florio wa 1962. Mpikisanowu, womwe udayambitsidwa ndi Vincenzo Florio mu 1906, unkachitikira pa chilumba cha Sicily, m'misewu wamba ya m'mapiri a Madonie. Kuzungulira kamodzi kudali makilomita 72 a makona osawerengeka, kudutsa pakati pa midzi, anthu ataima m'makomo mwawo. Woyendetsa ankayenera kuzungulira kakhumi.

GTO yatsopano inkagulidwa madola pafupifupi 18,000 ku America, koma ndalama pazokha sizinkakwanira. Wogula ankayenera kuvomerezedwa ndi Enzo Ferrari mwini, yemwe ankafuna anthu oti akathamangitsedi galimotozo ndi kubweretsa ulemu ku fakitale. Woyamba kutenga 3413 adali Edoardo Lualdi-Gabardi, mmodzi mwa anthu omwe ankapikisana ndi ndalama za m'thumba mwawo, osati olembedwa ntchito ndi fakitale. Iye ankadziwika kwambiri pa mipikisano yokwera mapiri, momwe galimoto zimanyamuka imodziimodzi ndipo wopambana ndi yemwe wafika pamwamba m'nthawi yochepa. Mu 1962 adalowa mipikisano khumi ndi galimotoyi, ndipo adapambana m'gulu lake pa mipikisano isanu ndi inayi. Chaka chimenecho adakhala katswiri wa galimoto za GT m'dziko la Italy.

Wachiwiri adali Gianni Bulgari, wa m'banja lotchuka la ku Rome logulitsa ndolo, mphete ndi mawotchi a mtengo wapatali. Mu 1963 iye pamodzi ndi Maurizio Grana adalowa Targa Florio ndi 3413. Adapambana m'gulu lawo ndipo adakhala achinayi pa galimoto zonse, kuposa galimoto zambiri zopangidwira mpikisano wokhawokha.

Wachitatu ndi yemwe adandisangalatsa kwambiri, chifukwa dzina lake ndidalipeza pomwe sindinkaliyembekezera. Corrado Ferlaino adali injiniya wa zomangamanga wa ku Naples. Okonda mpira wamiyendo amamudziwa pa chifukwa china: mu 1969 adakhala pulezidenti wa timu ya Napoli, ndipo ndi iye yemwe adagula Diego Maradona kuchokera ku Barcelona mu 1984. Mu ulamuliro wake Napoli idatenga ligi ya Italy mu 1987 ndi mu 1990. Koma zaka makumi awiri Maradona asanafike, Ferlaino adali mnyamata wokonda liwiro. Kumayambiriro kwa 1964 adatumiza 3413 kwa Scaglietti kuti akaichotse thupi lake loyamba ndi kuiveka thupi la mtundu watsopano, lotakata ndi lotsika, lomwe denga lake lidatengera galimoto ina ya Ferrari yotchedwa 250 LM. Fakitale idapanga GTO zitatu zatsopano za thupi limeneli, ndipo zinayi zakale zidasinthidwa kuti zifanane nazo. Yathuyi ndi imodzi mwa zinayizo. Itavala thupi latsopanolo, Ferlaino ndi Luigi Taramazzo adapita nayo ku Targa Florio ya 1964, komwe idapambananso m'gulu lake ndi kukhala yachisanu pa onse.

Chomwe ndikuwona pa anthu atatuwa nchakuti palibe mmodzi yemwe adaisunga nthawi yaitali. Aliyense ankathamanga nayo chaka chimodzi, nkuigulitsa, nkugula ina yatsopano. Kwa iwo idali chida chogwirira ntchito, ngati khasu lomwe likatha mano umasula lina. Ferlaino sadazengereze kuvula thupi loyamba lija, chifukwa chomwe ankafuna ndi kufika msanga pa mzere womalizira.

Zaka za kunyozeka

Mu 1965 chikho cha GT chidapita kwa Carroll Shelby wa ku America ndi galimoto zake za Cobra Daytona. Nthawi yomweyo opanga galimoto za mpikisano adali atayamba kuika injini kumbuyo kwa woyendetsa, ndipo GTO, yomwe injini yake ili kutsogolo, idasanduka yachikale. Galimoto ya mpikisano yomwe yasiya kupambana imavuta kusunga. Imachita phokoso, m'kati mumatentha, ndipo makaniko wamba sangathe kulinganiza makabuleta asanu ndi limodzi. Mitengo idagwa kwambiri.

Nkhani ya GTO ina, nambala 3589, ikuwonetsa bwino kunyozekaku. Mwini wake adaipereka kwaulere ku sukulu ya sekondale ya m'tauni ya Victoria ku Texas kuti ana ophunzira zaumakaniko aziphunzirirapo. Kenaka idagulitsidwa, ndipo idakhala zaka zoposa khumi pa ngolo, m'tchire, ku Ohio, mvula ndi chipale chofewa zikuithira. Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira pikiapu ya amalume pansi pa mango paja. Kusiyana kwake nkwakuti nambala ya 3589 idali yowona, ndiye tsiku lina anthu adabwera kudzaifuna.

Kuno kummwera kwa Africa ma GTO adafikako ali pa ulemerero wawo. David Piper wa ku Britain adapambana mpikisano wa maola asanu ndi anayi ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, mu 1962 ndi mu 1963, maulendo onse awiri akuyendetsa 250 GTO, ngakhale kuti siidali 3413.

Yathuyi, itamaliza ntchito ku Italy, idawolokera ku Britain chapakati pa zaka za m'ma 1960. Kumeneko idachita mwayi, chifukwa idagwera m'manja mwa anthu omwe adali atayamba kale kuwona galimoto zakale za mpikisano ngati zinthu zoyenera kusungidwa. Akuluakulu adati kugona pakati nkuyambirira. Nick Mason, woimba ng'oma wa gulu la Pink Floyd, adagula GTO nambala 3757 mu 1977 pa mtengo wosafika mapaundi 40,000, ndipo ambiri pa nthawiyo ankati wawononga ndalama.

Kuchoka kwa othamanga kupita kwa osunga

Mndandanda wa eni ake a 3413 kuyambira pamenepa ukusintha mtundu. Mwa iwo muli Neil Corner, wodziwika pa mipikisano ya galimoto zakale ku Britain. Mulinso Anthony Bamford, mkulu wa kampani ya JCB yomwe bambo ake adaiyambitsa mu 1945. Aliyense yemwe adawonapo makina achikasu okumba ngalande pomwe akukonza msewu adawonapo komwe chuma cha banjali chimachokera. Pambuyo pake galimotoyi idapita ku Japan, m'nyengo yomwe anthu olemera a m'dzikolo ankagula zithunzi zojambula, nyumba ndi galimoto za ku Ulaya pa mitengo yodabwitsa.

Nyengo imeneyi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa ikutsutsa maganizo oti mitengo ya galimotozi imangokwera. Enzo Ferrari adamwalira mu Ogasiti 1988, ndipo anthu adathamangira kugula chilichonse chomwe chidapangidwa iye ali moyo. Ambiri ankagula ndi ndalama za ngongole, poyembekezera kugulitsa mawa pa mtengo wokwera. Mu 1989 GTO ina idagulidwa ndi munthu wa ku Japan pa madola oposa 13 miliyoni. Chuma cha Japan chitagwedezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, galimoto yomweyo idagulitsidwa mu 1994 pa mtengo wosafika madola 4 miliyoni. Ena adachita zoipa pofuna kudzipulumutsa. Ku Britain, Lord Brocket adaphwasula galimoto zake zamtengo wapatali, nkunama kuti zabedwa pofuna kulandira ndalama za inshuwalansi, ndipo mu 1996 khoti lidamulamula kukakhala kundende zaka zisanu.

Kuchoka ku Japan, 3413 idabwerera ku Ulaya kwa Lindsay Owen-Jones, yemwe adatsogolera kampani ya zodzoladzola ya L'Oréal kuyambira 1988 mpaka 2006. Iyeyu sadali wongosunga chabe, pakuti adathamangapo pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans. M'chaka cha 2000 galimotoyi idagulidwa ndi Gregory Whitten, mmodzi mwa antchito oyambirira a kampani ya Microsoft, yemwe adalowa ntchito kumeneko mu 1979. Malipoti a pa nthawi ya okushoni adati adaigula pa madola pafupifupi 7 miliyoni. Whitten adakhala nayo zaka 18, ndipo ankaiyendetsa pa mipikisano ya galimoto zakale komanso pa maulendo omwe eni ma GTO amakonza pokumbukira kubadwa kwa mtunduwu.

Ndikayang'ana mndandandawu ndimawona ngati ndikuwerenga mbiri ya chuma cha dziko lapansi m'zaka 60 zapitazi. Poyamba pali mabanja a ku Italy a malonda a golide ndi zomangamanga, m'nyengo yomwe dzikolo linkadzuka kuchokera ku nkhondo. Kenaka pakubwera mafakitale a ku Britain, ndalama za ku Japan, kampani ya zodzoladzola yogulitsa pa dziko lonse, ndipo pomaliza mapulogalamu a kompyuta. Galimotoyo inkangotsatira komwe ndalama zasamukira.

Kodi ikadali galimoto yomweyo?

Azungu ogulitsa zinthu zakale ali ndi liwu lakuti provenance, lomwe lidachokera ku Chifalansa ndipo muzu wake ukutanthauza kuchokera. Ndidavutika kulipezera liwu limodzi m'Chichewa. Gwero likunena za poyambira pokha. Mbiri ndi yotakata kwambiri. Chomwe iwo akutanthauza ndi unyolo wosaduka wa umwini, wokhala ndi umboni pa mfundo iliyonse: makalata a fakitale, malisiti, mapepala a kasitomu, zithunzi za pa mpikisano zowonetsa nambala, ndi zolemba za m'magalaja. Ndidakhazikika pa mawu oti mzere wa umwini, pofanizira ndi mzere wa ufumu. Pa mlandu wa ufumu, yemwe amapambana ndi yemwe angathe kutchula mayina onse kuchokera kwa kholo loyamba popanda kudumpha, ndipo mboni nkuvomereza. Pakakhala zaka khumi zomwe palibe akudziwa komwe galimoto idali, wogula amayamba kukayika, popeza m'zaka zoterozo ndi momwe yabodza imalowera m'malo mwa yeniyeni.

Zabodzazo zilipodi. Amisiri ena amatenga Ferrari ya mtundu wotsika mtengo ya m'zaka zomwezo, monga 250 GTE, nkuidula chasisi, nkuisulira thupi la GTO. Kwa munthu wamba siingasiyane ndi yeniyeni, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pofuna kuthana ndi zimenezi, kampani ya Ferrari idakhazikitsa nthambi yotchedwa Ferrari Classiche mu 2006, yomwe imayerekeza galimoto ndi zolemba zakale za fakitale ndi kupereka buku lofiira lotsimikizira. Mu 2019 khoti la ku Bologna lidagamula kuti 250 GTO ndi ntchito ya luso yoyenera kutetezedwa kwa okopera.

Tsono funso langa lidali ili. Thupi lomwe Phil Hill, Lualdi-Gabardi ndi Bulgari adakhalamo lidachotsedwa mu 1964. Munthu woika pamodzi chithunzi cha 3413 cha 1962 ndi cha lero anganene kuti ndi galimoto ziwiri zosiyana. Nanga bwanji akatswiri amaitenga ngati imodzi mwa GTO zosakayikitsa? Yankho lawo lili pawiri. Choyamba, umunthu wa galimoto, ngati ndingagwiritse ntchito liwu limeneli, uli m'chasisi ndi nambala yake, ndipo pa nthawi ya okushoni kampani yogulitsa idatsimikiza kuti injini, giyabokosi ndi ekiselo ya kumbuyo zoyambirira zidakalipo. Chachiwiri, kusinthako kudachitika m'nyengo yomwe galimotoyo inkapikisana, ndipo adachita ndi Scaglietti yemweyo amene adasula thupi loyamba. Choncho thupi lachiwirilo limawerengedwa ngati gawo la mbiri yake. Likadasulidwa mu 1990 m'galaja ya munthu wina, nkhani ikadakhala ina.

Pali chitsanzo china chovuta kuposa ichi. GTO nambala 3851 idachita ngozi yowopsa ku Montlhéry, pafupi ndi Paris, mu Okutobala 1962, ndipo woyendetsa wake, Henri Oreiller, yemwe adali katswiri wa masewera otsetsereka pa chipale chofewa pa Olimpiki ya 1948, adamwalira chifukwa cha ngoziyo. Fakitale idaikonzanso. Mu 1965 idagulidwa ndi Fabrizio Violati, yemwe adakhala nayo mpaka imfa yake mu 2010, ndipo mu 2014 idagulitsidwa pa madola 38.1 miliyoni. Galimoto yomwe idaphwanyika mpaka kupha munthu idavomerezedwa kuti ndi yomweyo, chifukwa chilichonse chomwe chidaichitikira chidalembedwa ndipo okonzawo adali eni fakitale.

Ine maganizo anga ndi akuti yankho limeneli ndi mgwirizano wa anthu chabe. Zitsulo pazokha sizinena kuti ndine wakutiwakuti. Ndi gulu laling'ono la akatswiri, ogulitsa ndi ogula lomwe lidagwirizana kuti kusintha kwa 1964 nkovomerezeka pamene kwa 1990 ayi. Komabe sindikuwona kuti mgwirizanowo ndi wopanda nzeru. Munthu akakula maselo a m'thupi mwake ambiri amasinthika, nkhope imakwinyika, ena amaikidwa mano ochita kupanga, koma kumudzi amamudziwabe kuti ndi mwana wa uje chifukwa pali anthu omwe adamuwona akukula. Chomwe chimandidetsa nkhawa pang'ono nchakuti ambiri mwa opereka umboni pa malondawa amapindula mtengo ukakwera. Kabuku ka okushoni kamalembedwa ndi wogulitsa. Nchifukwa chake pofufuza ndidadalira kwambiri zotsatira za mipikisano monga Targa Florio, zomwe zidalembedwa kale pamene palibe ankaganiza kuti galimotoyi idzakhala ya mamiliyoni.

Tsiku la okushoni

Ife liwu loti okushoni timalidziwira ku fodya, komwe mtengo wa belo umadziwika m'kamphindi ogula akuyenda. Okushoni ya ku Monterey idali yosiyana. Kampani ya RM Sotheby's idakhala miyezi ingapo ikulengeza za galimoto imodziyi. Usiku wa pa 25 Ogasiti 2018, Derek Bell, yemwe adapambana ku Le Mans kasanu, ndiye adaiyendetsa kukwera nayo pa nsanja. Woitanira malonda adayambira pa madola 35 miliyoni. Opikisana adali atatu, onse pa telefoni, ndipo kulimbanako kudatenga pafupifupi mphindi khumi. Nyundo idagwa pa madola 44 miliyoni, ndipo pophatikiza gawo la kampani yogulitsa, wogula adalipira madola 48,405,000. Dzina lake silidalengezedwe usiku umenewo.

Pa nthawiyo palibe galimoto ina yomwe idagulitsidwapo pa okushoni pa mtengo woposa umenewu, ngakhale kuti miyezi ingapo m'mbuyomo zidamveka kuti GTO nambala 4153 idagulidwa mwamseri ndi David MacNeil wa ku America pa madola pafupifupi 70 miliyoni. Mbiri ya 3413 idakhala mpaka pa 5 Meyi 2022, pamene kampani ya Mercedes-Benz idagulitsa imodzi mwa galimoto zake ziwiri za 300 SLR Uhlenhaut Coupé za 1955 pa mayuro 135 miliyoni ku Stuttgart. Mu Novembala 2023 GTO inanso, nambala 3765, idagulitsidwa ku New York pa madola 51.7 miliyoni.

Nditamaliza kufufuza ndidapita kukawawerengera amalume zomwe ndidapeza. Adamvetsera mwachidwi mpaka pomwe ndidatchula za Ferlaino ndi Maradona, pomwe adandidula mawu nkuyamba kufotokoza za chigoli cha dzanja cha 1986. Za mamiliyoni a madola zija sadazilabadire. Chomwe adandifunsa pamapeto nchakuti nambala ya chasisi ya Ferrari imeneyi idadindidwa pati, ndipo wogulayo adagwada nkuiwona yekha ndi maso ake kapena adangokhulupirira mapepala.